Maso Amene Ndinabwereketsa ku Falls Church

Msana ndiwo wandipumitsa ntchito, osati ukalamba. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikunyamula anthu a eni, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi, nyumba zimene ndinalowamo zasakanikirana m'mutu mwanga, koma ilipo imodzi imene ndikhoza kuyendamo nditatsinzina. Tamanda, iwe unafikamo, koma sungakumbukire. Yankho, unali usanabadwe. Ndikulemba m'Chichewa ngakhale ndikudziwa kuti muwerenga mojejema n'kundiyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Nkhani iyi ndikaiyesa m'Chingerezi imatuluka ngati umboni wa kukhoti, pamene si mmene inalili.

2003, Woodbridge

Ndinafika kuno kutsidya kwa nyanja ndi setifiketi ya zaulembi ya ku koleji ina ku Lilongwe, nditaikulunga m'pulasitiki kuti isanyowe. Palibe anaifunsa. Chimene ankafuna kudziwa n'chakuti kodi ndingathe kudzutsa munthu wolemera kuposa ine. Ndinachita kosi yaifupi yosamalira odwala, ndipo ejensi ina yotumiza osamalira odwala inandilemba ntchito. Bambo anu anali ndi chilolezo chokhala kuno kudzera kuntchito kwawo, ine ndinali wongokolekedwa pa mapepala awowo, ndipo girini kadi yathu, chiphaso chokhazikika nacho m'dziko lino, inali idakali m'njira. Loya anatiuza chinthu chimodzi chokha chimene ndinachimva bwino: "Musapalamule kanthu, ngakhale kakang'ono." Mawu amenewo ndinawameza, ndipo anakhazikika m'mimba.

Ndikuuzeni mmene ndinalili, chifukwa mayi amene mukuwadziwa lero, oseka mokweza panja pa tchalitchi, si amene analipo nthawi imeneyo. Ndinali wamantha. Iwe Tamanda utabadwa, ndinkaika chala pamphuno pako ukagona kuti ndimve ngati ukupuma. Galimoto ya apolisi ikalira kutali, ndinkayamba kulapa machimo amene sindinachite. Mayi amene ankakulera masana ndinawatopetsa ndi foni mpaka anandiuza kuti, "Make Tamanda, mwana ali bwinobwino, wodwala ndinu."

Amene anandigwira dzanja ndi a Asiyatu, mayi wachiyawo wa ku Machinga, Msilamu, amene ankakhala pansi pa chipinda chathu ndipo ankagwira ntchito ku ejensi yomweyo. Anali ndi kagalimoto kakalekale kamene kankatsokomola mumdipiti wa magalimoto pa msewu waukulu wa I-95 m'mawa uliwonse, ndipo m'kagalimoto kameneko ndi mmene ndinaphunzira ntchito kuposa m'kalasi. Poyamba a ku ejensi ananditumiza kunyumba yosungirako okalamba kumene chilichonse chinali chopereŵera: magulovu, matewera a akuluakulu, manja. Wotiyang'anira anali Sisita Mutinta, nesi wa ku Zambia, wamtali, wosaseka wamba. Tsiku lina atandiona ndikusambitsa gogo wina wovuta anati, "Iwe Edina, manja yako yali bwino, koma uyopa maningi. Nizakupeleka ku nyumba ya munthu mmodzi, mwina mtima uzakhala pansi."

Meyi 2005, Falls Church

Nyumbayo inali yanjerwa, yaing'ono, kuseri kwa misewu yosokoneza ya ku Seven Corners. Munali anthu awiri okalamba. A Walter ntchito yawo inali yochuna mapiyano, ndipo khansa inali itawalowa m'mafupa. Akazi awo, Mayi Helen, anali mphunzitsi wa sayansi wopuma, ndipo maso awo anali akufa modabwitsa: ankaona za m'mbali, koma pakati penipeni pa chimene akuyang'ana panali chimtambo. Pofuna kuona nkhope yanga ankayang'ana khutu langa. Masiku oyamba ndinkangodzigwira khutu, kuganiza kuti pali kanthu.

A Walter anali munthu wanthabwala ngakhale ululu ukuwadya. Ndikatseka chitseko cha firiji ankati, "Mwamva? Chitseko chimenecho chatsika mawu kuyambira chaka chatha." Mankhwala amphamvu a kuchipatala, mofini, ankawachepetsera ululu, koma ankawasanzitsa ndi kuwasiya ngati munthu wosochera m'nyumba mwake momwe. Chakudya ankachiyang'ana ngati chawalakwira. Koma madzulo ena ndisanaweruke, Mayi Helen ankawapakira kabatala kobiriwira pa kabuledi, ndipo patapita kanthawi nkhope ya a Walter inkamasuka, mapewa n'kutsika, n'kupempha supu, kenako n'kugona tulo teniteni, tamkonono. Ndinkaganiza kuti ndi zitsamba za azungu. Ndinazindikira tsiku limene ndinatsegula botolo lina m'kabati pofuna masamba a tiyi. Fungo linandimenya. Chinali chamba.

Fungo limenelo kwa ine silinali la chomera, linali la achimwene anga a Lameki, amalume anu amene simunawaone. Kwathu ku Kasungu anali mnyamata wanzeru kuposa tonse, ndipo atayamba kusuta anasanduka munthu woyenda usana wonse akulankhula ndi mitengo, maso ali tong'o, akuti anthu akuwalondola. Ndinawaonapo atamangidwa ndi chingwe cha ng'ombe pa ngolo, akupita nawo kuchipatala. Anamwalira ine ndili kuno, ndipo kumaliro sindinapite chifukwa cha mapepala omwe aja. Choncho kwa ine nkhani inali yachidule: chamba ndi misala. Ndipo lamulo la ejensi linalinso lachidule: ukaona mankhwala amene dokotala sanalembe, unene.

Mayi Helen anamva chivindikiro chikulira. Anabwera n'kuima pakhomo la khitchini, akuyang'ana khutu langa. "Mwapeza," anatero. "Sindikupemphani kuti muname. Simudzakhudza, simudzapereka, ndimapereka ndine. Mukafuna kunena, nenani, sindidzakudani. Koma musananene, muone kaye."

Sindinanene tsiku limenelo. Ndinadziuza kuti ndinena mawa. Mawa lake a Walter anadya dzira lathunthu, ndipo ndinadziuzanso kuti mawa.

Ogasiti 2005

Mabotolo anali awiri, ndipo limene ankagwiritsa ntchito linatha. Masana ena Mayi Helen anapaka batala wochokera m'botolo lachiwiri. Ndinali ndikupinda zovala pamene ndinamva choyendera chachitsulo cha a Walter chikugunda pansi mofulumira. Munthu amene ndinkachita kumudzutsa ndi mapewa anali atadzuka yekha. Ankapita pawindo, n'kubwerera, n'kupitanso. Anatsegula piyano, n'kumamenya kiyi imodzi mobwerezabwereza, akuti yapotoka, yapotoka, wina waigwira. Anandifunsa kuti galimoto yaima panja ija ndi ya ndani. Manja ankanjenjemera, mtima ukugunda moti ndinkauona pakhosi. Ndipo maso, ana anga. Anali maso a a Lameki pa nkhope ya mzungu wokalamba.

Ndinanyamula foni kuti ndiitane ambulansi. Mayi Helen anandigwira mkono. Anati tiyambe tawakhazika, tione kugunda kwa mtima, ndipo kukapitirira aimba okha. Tinawakhazika, ndinawapukuta thukuta, Mayi Helen akuwalankhula za galu wawo amene anafa kalekale, ndipo pang'onopang'ono chimphepocho chinadutsa. Atatopa n'kutsamira, ine ndi amene ndinayamba kulira. Ndinawauza za a Lameki, zonse, mpaka chingwe.

"Mwawapatsa china," ndinatero. "Ichi si chija cha masiku onse."

"N'chomwecho," anatero Mayi Helen. "Mbewu imodzi, dothi limodzi, khonde lomwelo. Kusiyana kwake ndi nthawi yodula basi. Botolo latha lija ndinadikira mpaka chitakhwimitsa. Ili ndinadula mothamanga chaka chatha, chifukwa aneba anaitana amisiri okonza denga, ndipo ndinaopa kuti akakwera pamwamba aona pakhonde pathu. Mantha anga ndi amene ali m'botolomo."

Sindinakhulupirire. Mankhwala amene ndinkawadziwa anali mapiritsi: loyera ndi loyera, kaya Lolemba kaya Lachisanu. Koma ndili pa basi yopita kokakumana ndi a Asiyatu, ndinakumbukira bambo anga m'munda wa fodya, akuyenda mzere ndi mzere, akugwira tsamba n'kulisiya, akugwira lina n'kuthyola. Ankati tsamba lothyoledwa lisanakhwime ngakhale ulipachike m'chigafa chabwino bwanji, limauma ndi mkwiyo wake. Ndinakumbukiranso kuti anyamata akwathu ankazula chamba chawo chikadali chanthete, poopa apolisi ndi akuba. M'mawa mwake ndinafunsa Mayi Helen ngati kuzula chanthete kumeneko n'kumene kunapha mutu wa achimwene anga. Anati, "Sindikudziwa, Edina, ndipo sindikufuna kukutonthozani ndi bodza. Alipo anthu amene chomera ichi sichiwayanja, chidulidwe liti kapena liti, makamaka achinyamata. Si chidole. Ine ndikudziwa za mwamuna mmodzi yekha, wanga." Yankho limenelo ndi limene linandichititsa kuwakhulupirira pa zina zonse.

Seputembala 2005

Kuseri kwa nyumba kunali khonde lotchingidwa ndi magalasi, lodzaza matimati m'zidebe. Kumbuyo kwa matimatiwo kunali zomera zitatu zimene ndinkazilambalala ngati ndikulambalala manda. Tsiku lina Mayi Helen anandiitanira kumeneko, m'manja atanyamula kagalasi kokulitsa zinthu, kozungulira, ka m'chikopa chakuda, kamene ankaphunzitsira ana a sukulu.

Anandifotokozera kuti pa maluwa a chomeracho pamamera timikanda ta utomoni, tating'ono kwambiri moti diso lokha silingatione bwino. Poyamba timakhala toonekera ngati madzi, ndipo ukadula nthawi imeneyo umapeza zimene ndinaziona mu Ogasiti. Kenako timayera ngati mkaka, ndipo pamenepo munthu amapepukidwa, amafuna kudya, kucheza ndi kuseka. Ukadikirabe timafiirira ngati uchi, ndipo pamenepo n'chimene chimalemeretsa thupi, kumasula minofu ndi kubweretsa tulo. "Zaka zapitazo ndinkaona ndekha," anatero. "Chaka chino ndikaika galasi, pakati pali chimtambo. Walter manja akunjenjemera, ndipo sangathe kuwerama. Sindikupemphani kudula kapena kuthirira. Ndikupempha maso okha. Muziyang'ana, n'kundiuza mtundu."

Ndinakana. Ndinati ndili ndi mwana, ndili ndi mapepala m'njira. Anati akumvetsa, ndipo anaika kagalasi kaja pa shelefu, pambali pa chothiririra, osatchulanso.

Madzulo amenewo pa I-95 magalimoto anali atangoima, ndipo ndinaulula zonse kwa a Asiyatu. Anandimvetsera akusenda mtedza ndi dzanja limodzi.

"Ndiye mwakhala mukunyamula katundu ameneyu nokhanokha? N'chifukwa chake mwauma ngati chingwe cha zovala."

"Amayi, ndiuzeni chochita."

"Ine? Chipembedzo changa chimakaniza zoledzeretsa, mukudziwa. Koma mofini amene timaona anthu akumwetsedwa tsiku ndi tsiku uja si madzi a pampopi ayi. Zimenezo ndimazisiyira Mwini wake, amene amadziwa kuyeza." Anataya makoko m'kapu. "Koma ndikuuzeni zina, mwana wanga. Mapepala alibe chisoni. Wa imigireshoni sadzafunsa ngati mdalayo anagona bwino."

"Ndiye ndikane?"

"Mwakana kale. Nanga mukundifunsiranji?"

Anaseka, n'kundipatsa mtedza.

Chimene chinanditembenuza si mawu a munthu. Botolo labwino litatha ndipo linalo atalitaya, a Walter anatsala ndi mofini yekha. Ndinkawapeza m'mawa atakukuta mano, shati itanyowa, mbale ya dzulo ili chivindikirire. Nthabwala zinatha. Firiji inkatsekedwa popanda woiweruza. Tsiku lina ndikuwatembenuza analira ngati kamwana, kenako n'kupepesa, ndipo kupepesako ndi kumene kunandipweteka. Nditawafunditsa ndinapita pakhonde, ndinatenga kagalasi, n'kuwerama.

Ana anga, ndaona zinthu pa moyo wanga. Ndaona chipale chofewa koyamba, ndaona inu mukubadwa. Koma sindinayembekezere kuti pa chinthu chimene ndinkachida ndi mtima wonse pangakhale zimene ndinaona. Kaduwa kosaoneka bwino, komata m'manja, kanasanduka dziko. Panali nkhalango ya tibowa tagalasi, tosawerengeka, kalikonse ndi kamwendo kake ndi kamutu kozungulira, ndipo m'kamutu kalikonse dzuwa linali litalowa lathunthu. Tinkanyezimira ngati mame pa ukonde wa kangaude, koma titaima chilili, mwadongosolo, ngati mpingo ukudikira nyimbo. Ndinaiwala apolisi. Ndinaiwala kupuma. Ndinaganiza kuti: Amene anapanga izi anazipanga mosamala chonchi, pamalo pamene palibe amayang'ana, ndipo ife kwathu tinkangozidziwa ndi fungo ndi chingwe.

"Mukuona chiyani?" Mayi Helen anali ataima kumbuyo kwanga.

"Madzi," ndinatero. "Onse ndi madzi."

"Ndiye tidikira."

Okutobala 2005

Kuyambira pamenepo ndikafika m'mawa ndinkayamba ndasamba m'manja, kuona a Walter, kenako pakhonde. Kunja masamba a mitengo anali akufiira, mphepo ikuzizira, ndipo m'kagalasi namonso nyengo inkasintha. Kamutu kamodzi kachita chifunga, mawa lake tambiri, mpaka tsiku lina nkhalango yonse inayera ngati wina waithira mkaka usiku. Ndinkabwerera kuchipinda n'kukanena ngati wolosera zanyengo, ndipo a Walter, ngakhale ali mu ululu, anayamba kudikira lipoti langa. "Nanga lero ng'ombe zakamidwa?" ankafunsa.

Tsiku limene ndinati mkaka wakwanira paliponse, anatiitana tonse awiri pafupi ndi bedi. A Walter anali ndi mlongo wawo, Margaret, amene anasemphana naye zaka zambiri pa nkhani ya nyumba ya makolo, ndipo mlongoyo anali atavomera kubwera kumapeto kwa Novembala, pa chikondwerero chothokoza chimene anthu a kuno amachita chaka ndi chaka. "Helen," anatero, "dula chimodzi lero. Margaret akabwera ndikufuna ndidzakhale maso, ndidzadye naye patebulo, ndidzamuseke za tsitsi lake. Sindikufuna adzapeze mtembo wofunda. Ziwiri zinazo uzisiye mpaka uchi. Zimenezo n'za pambuyo pake, akadzapita." Ananena mofatsa ngati akuuza kasitomala kuti chingwe ichi tichikoka lero, ichi tichisiya chikhazikike. Munthu ankagawa masiku ake otsala, awa ocheza, awa ogona, ndipo mpeni wogawira unali mtundu wa timikanda tosaoneka ndi maso. Mayi Helen anadula okha, akupapasa tsinde ndi zala, n'kukapachika nthambi m'chipinda chimene a Walter ankasungiramo zida zawo.

Fungo silidziwa chinsinsi. Sisita Mutinta anabwera kudzayendera wodwala monga ankachitira nthawi ndi nthawi. Anayeza a Walter, anacheza nawo, kenako ndinaona mphuno yawo ikugwira ntchito pamene ankadutsa pakhomo la chipinda chija. Sanatsegule. Anatsanzika bwinobwino n'kundiuza kuti ndiwaperekeze ku galimoto.

"Edina, nili na mphuno."

"Inde, Sisita."

"Unagwilako?"

"Ayi. Ndimangoyang'ana m'galasi, n'kuwauza mtundu."

Anabwereza mawu anga: "Uyangana mu galasi." Anapukusa mutu, ndipo sindinadziwe ngati akufuna kuseka kapena kundimenya. "Iwe wamene uyopa na chithunzi chako. Mvela. Aba bantu ni ba kuno, bakagwidwa bazapeza loya, mwina bazabamvela chifundo. Iwe bazakukweza ndeke, mwana azasala. Ine sininasegule chitseko, so sininaone vilivonse. Nizabauza bakambe na dokota wao, iyo ni nkhani yao. Koma iwe nakuchosa pano. Monday uyamba ku Laurel."

Ndinadziwa kuti akundipulumutsa, ndipo ndinathokoza. Koma polowa m'nyumba kukatsanzika ndinkamva ngati ndasiya mphika pamoto m'nyumba ya wakhungu. Mayi Helen sanadandaule. Anati Sisita achita bwino. A Walter anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pitani, wazanyengo. Tizingoyerekeza." Amene anabwera m'malo mwanga anali mtsikana wabwino, koma Mayi Helen sakanayerekeza kumupempha.

Kumapeto kwa Okutobala 2005, Laurel

Ku Laurel, kunyumba ina yosungirako okalamba, kunali kutali, ntchito inali yambiri, ndipo kunalibe choopsa chilichonse. Ndikanayenera kupuma. Koma ndikamapukuta matebulo ndinkangoona tibowa tija. Ndinkadziwa kuti Mayi Helen akadula msanga, a Walter adzakhala maso pa nthawi imene akufuna tulo, ndipo akachedwetsa, chisanu kapena nkhungu zidzawononga zonse. Wailesi inanena kuti kuzizira kwenikweni kukubwera. Lamlungu limenelo bambo anu anali kuntchito. Titatuluka m'tchalitchi ndinakubereka iwe Tamanda ndi chitenje pamwamba pa jekete, n'kupempha a Asiyatu kuti andiperekeze.

"Ku Falls Church? Kumene anakuchotsani kuja?"

"Sindikupita ngati wantchito. Ndikukazonda wodwala. Kwathu timazonda odwala Lamlungu."

"Ndi mwana kumsana."

"Ndilibe womusiyira."

Anatenga makiyi. Titafika anati, "Ine ndikhala m'galimoto, injini ili chilirire. Mukachedwa ndiliza hutala ngati minibasi ya ku Liwonde."

Ndisakunamizeni kuti mantha anali atatha. Pa masitepe a pakhomo pawo ndinkaona galimoto iliyonse ngati ya apolisi, ndipo kulemera kwako kumsana kunkandikumbutsa chimene ndikuika pachiswe. Mayi Helen atatsegula anayang'ana khutu langa, kenako anaona kamutu kako m'mbali mwa diso lawo, n'kugwira pakamwa. Ndinakulowetsa kwa a Walter. Anali atatha kwambiri, koma anakweza chala n'kukugwira kaphazi, iwe n'kuyetsemula, iwo n'kunena kuti, "Mwana uyu ndi wochunidwa bwino."

Pakhonde matimati anali atafota. Ndinawerama nawe kumsana, dzuwa la masana likulowa chammbali, n'kuika kagalasi. Nkhalango ija inali itasintha kachitatu. Mkaka unalipobe, koma pakati pake timitu tambiri tinali titapsa, tagolide, tina todera ngati uchi wa m'mphako, ndipo kuwala kukadutsamo kunkatuluka kofunda. Zinali ngati ndikuyang'ana mudzi wonse utayatsa nyali. Ndinayang'ana pamwamba, pakati ndi m'munsi mwa zomera zonse ziwiri, monga anandiphunzitsira, kuti ndisanamizidwe ndi nthambi imodzi. Iwe unkandikoka ndolo.

"Edina?" anatero Mayi Helen.

"Uchi," ndinatero. "Dulani lero."

Anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ndinawabwezera kagalasi, koma anapinda zala zanga pamwamba pake. "Ine kandithera ntchito," anatero. Panja hutala inalira.

Januwale 2006

Mayi Helen anandiimbira foni chaka chitangoyamba. Anati Margaret anabwera, ndipo a Walter anakhala patebulo, anadya, anamuseka za tsitsi, ndipo awiriwo anakangana pang'ono za nyumba ija kenako n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati mlendo atapita, a Walter anapempha batala wa zomera za uchi zija. Dokotala wawo anali atauzidwa, ndipo anangosintha muyezo wa mofini osanena zambiri. Masabata otsiriza ankagona maola ambiri, nkhope ili yosalala, akadzuka n'kumwa supu pang'ono, n'kugonanso. Anapita ali m'tulo, masana, wailesi ikuimba chapansipansi.

Girini kadi inabwera patsogolo pake, palibe anandifunsa za khonde lililonse, ndipo Sisita Mutinta sanaitchulenso nkhaniyo mpaka tinasiyana. Ndinagwira ntchito zaka zina zambiri, ndipo chamba sindinachikhudzepo, ngakhale pamene malamulo a kuno anayamba kusintha. Musatenge nkhani ino ngati chilolezo, Yankho, ndikukuona. A Lameki ndimawalirabe, ndipo sindikudziwa mpaka lero chimene chinawatenga. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuyambira tsiku lija ndinasiya kuika chala pamphuno pako, Tamanda. Sindingafotokoze bwino chifukwa chake. Mwina munthu akaona kuti ngakhale kanthu kosaoneka ndi maso kali ndi nthawi yake yoikika, ndipo pali Wina amene akukasamala, amayamba kulola mwana kugona.

Kagalasi kaja mukukadziwa. Ndi kamene kamakhala m'dirowa ya mabatani, ka m'chikopa chakuda, kamene ndinkakuchotserani nako zisonga m'zala muli ana. Munkalimbirana kuti muonere nyerere, ndipo tsiku lina Yankho unandifunsa kuti ndinakagula kuti. Ndinati anandipatsa aphunzitsi ena. Sindinaname.